Kuphunzitsa Bambo a Limbani Ugadiyani

Lolemba

Amene adzapeze kope ili andikhululukire. Sukulu ndinalekezera sitandade 4, zilembo zina ndimaziika posayenera, ndiponso ndikulemba chogonera m'mbali, kope lili pamphasa. Mizere ikamatsetsereka ngati minda yathu ya kuno ku Biriwiri, wolakwa ndi msana.

Ndikulemba muno chifukwa ndikauza munthu, nkhani ifika pamsika ine ndisanatseke pakamwa.

Nkhani yake ndi iyi. Mwezi watha adokotala a ku Blantyre anandilowetsa m'makina ojambula, kenako anandionetsa chithunzi cha msana wanga. Akuti pakati pa fupa ndi fupa pamakhala kanthu kofewa, iwo amati disiki, kokhala ngati nkhata imene timaika pamutu posenza. Nkhata yanga imodzi ya m'chiuno yatha, ikupanikiza mtsempha, n'chifukwa chake mwendo wamanzere ukuchita dzanzi. Zaka makumi atatu ndikusenza kachewere ndi kabichi kuchokera kudimba kukafika pamsewu. Nkhata ya pamutu ndasintha kambirimbiri. Sindinkadziwa kuti kumsana kulinso ina yosasintha.

Njira zilipo ziwiri.

Kwathu kuno, ku Blantyre: achotsa nkhata yothayo, mafupa awiriwo n'kuwamanga pamodzi ndi tizitsulo. Pamenepo sipadzapindikanso. Komanso pali mzere wodikira.

Ku India: achotsa, n'kuikapo ina yopangidwa kufakitale.

Mwana wanga Limbani, amene amayendetsa magalimoto akuluakulu ku Joni, akufuna za ku India. Dzulo pafoni akuti, "Amayi, zina zonse ndiona ine. Inu mungondiyankha Lamulungu likudzali, eya kapena ayi." Iye sangachoke pantchito. Wondiperekeza akhale mmodzi yekha, ndipo akhale bambo ake, poti ndiwo anafika sitandade 8, angathe kusaina ndi kutola Chizungu pang'ono.

Bambo a Limbani! Gadiyani!

Ine ugadiyani ndimaudziwa. Ndadikirira odwala m'chipatala kasanu ndi kawiri. Ndagona pasimenti kunsi kwa bedi, ndaphika ku chitando cha magadiyani utsi uli m'maso. Asanu anatuluka akuyenda okha. Awiri enawo Mulungu anawafuna, koma anapita atasamba. Dokotala amang'amba ndi kusoka, inde, koma wodzutsa munthu ndi gadiyani.

Bambo a Limbani chikwatiranireni sanawiritsepo ndi madzi a tiyi omwe.

Ndiye ndaganiza. Ndiwaphunzitsa sabata ino. Akakhoza, India. Akalephera, Blantyre.

Zoti aphunzire:
1. Kuphika phala lopanda mibulu.
2. Kubwera akangoitanidwa kamodzi.
3. Kuyang'anira diripi ndi kuthamangira anesi.
4. Kuchapa.
5. Kutembenuza wodwala osamuthyola.
6. Kusalira wodwala akuona.

Ndawawerengera. Akuti, "Ugadiyani si kungokhala pambali? Kukhala ndiye ndimakutha."

Ndawalumbiritsa kuti asauze munthu aliyense.

Mantha a lero: ndege. Dziko lakunja limene ndimalidziwa ndi Mozambiki, tsidya la msewu wa tala, kumene ndimakagula mafuta ophikira. Ukakhala kumeneko tambala wako umamumva akulira. Ku India tambala wa ndani?

Lachiwiri

Phunziro loyamba, phala. Ndagona kuchipinda, chitseko chotseka, ngati munthu amene angomusoka kumene. Iwo ali kukhitchini. Zimene ndikumva:

kuuzira moto,
kutsokomola,
"Mayi a Limbani, mthiko ndi uti?"
chinthu chagwa,
nkhuku zikuthawa.

Wodwala sayankha. Ndaluma chitenje.

Phala lafika dzuwa lili paliwombo. Mibulu yake ngati kachewere wa mbewu. Mchere athira kawiri, "poti woyamba sindinaone kumene unalowera." Akundidyetsa ndi supuni yopakulira ndiwo, ndisanameze ina yafika kale, ngati akupakira manyowa m'ngolo. Ndikadakhala wosokedwadi ndikadatsamwa, ulusi n'kuduka, nkhata yatsopano n'kugubuduka pansi!

Masana ndaitana chamumtima, monga amaitanira odwala enieni. Kasanu ndi kamodzi. Zii. Ali pakhonde ndi wailesi, akumvera za mpira. Amene wabwera ndi galu.

Galu wakhoza.

Madzulo Limbani watumiza mawu pafoni. Ndinamufunsa ngati m'ndege amalola mbaula. Akuseka mpaka kutsokomola. "Amayi, kumeneko chipatala chimaphika chokha. Mbaula, poto, nkhuni, palibe chololedwa."

Chipatala chanji chopanda chitando? Gadiyani wopanda poto akatani? Ndiye kuti ufa wanga wa lero wapita pachabe. Ndiponso ndinamvapo kuti kumeneko amayamba kuika tsabola m'poto, chakudya n'kuthira pambuyo.

Mantha a lero: kufa ndi njala msana uli watsopano.

Lachitatu

Diripi. Ndatenga botolo la pulasitiki, ndaboola chivundikiro ndi singano, ndalipachika chozondotsa pamsomali wa pakhoma, pansi ndatchera kapu. Ntchito yawo ndi kuyang'anira. Madzi akatsala pang'ono athamange kukauza anesi. Anesi ndi mtengo wa pichesi wa kuseri kwa nyumba. Awauze m'Chizungu.

Ulendo woyamba athamanga bwino ndithu, ndinayamba kulimba mtima. Afika pamtengo, avula chipewa, aima. Aima. Abwerera. Akuti Chizungu chonse chawathawa, chatsala cha moni chokha. Apereka moni kwa pichesi!

Ulendo wachiwiri madontho awaimbira nyimbo, agona pampando kukamwa kuli yasa. Kapu yasefukira. Mphasa yanyowa, ine ndanyowa.

Chabwino, ndati, gadiyani amachapa. Ndawapatsa zitenje zonyowazo, beseni ndi sopo. Ndinaiwala kunena kuti achapire m'nyumba. Akaika beseni pabwalo penipeni, pafupi ndi njira ya kumjigo.

Anambewe, oyandikana nawo nyumba, akudutsa ndi ndowa. Ndamva ndekha pawindo.

"Ii, bambo a Limbani, mukuchapa zitenje? Amayi ali kuti?"

"Agona."

"Dzuwa lino? Kwagwanji?"

"Sindingathe kunena." Kenako ausa moyo, uuu.

Mayo ine! Kuno mwamuna akamachapa chitenje cha mkazi wake masana poyera, ndiye kuti mkaziyo watsala madzi amodzi. Anambewe sanafike n'kumjigo komwe. Ndamva ndowa yopanda madzi ikulira kulowera kutchalitchi.

Ndawafunsa chifukwa chake sanangoti ndikudwala msana. Akuti, "Munandilumbiritsa." Pa zonse zimene ndawaphunzitsa, agwira chimenechi chokha.

China chosaseketsa. Popita kuchimbudzi patapata wavuka kuphazi lamanzere ine osamva. Ndazindikira pobwerera, nditamuona ali yekha panjira. Chala chachikulu ndachitsina, chili ngati cha munthu wina. Adokotala anati dzanzi likamakula, kapena mkodzo ukayamba kutuluka wokha, ndisadikire tsiku lililonse, ndithamange. Ndapita kuchimbudzi kanayi kukaona ngati ndikulamulabe ndine. Ndikulamulabe.

Lachinayi

Anthu ayamba kufika mame asanakamuke. Kudzazonda.

Abweretsa nkhuni mitolomitolo, ufa, shuga wa m'kapepala, nkhunda ziwiri zomanga miyendo. Amayi akhala m'mbali mwa khoma, miyendo yotambasula, akulankhula monong'ona. Abambo ali panja pansi pa pichesi.

Ndidzuke ndinene kuti tinkangoyeserera? Anthu asiya madimba awo osathirira, asenza nkhuni kuchokera kuphiri! Ndagona. Ndafunda mpaka m'khosi.

Zimene ndamva ndili chitsinzinire:

"Maso alowa."
"Dzana lomweli ndinawaona pamsewu akutsutsana mtengo wa kabichi. Moyo uno!"
"Amalume anga anawang'amba kumsana komweko. Anadzuka miyendo ili ya eni ake."
"Milomo yayera, mwaona?"

Panja abambo awapanikiza bambo a Limbani mpaka lumbiro laphulika. Liwu lalowa m'nyumba ngati mphepo: India, India. Anambewe asendera pafupi, andigwira dzanja mwachifundo. "Limbani mtima, anzanga. Kungoti ndinamva kuti kumeneko munthu akatisiya amamutentha." Sindikudziwa ngati n'zoona kwa alendo omwe. Ine malo anga ndinawaona kale, kumanda a ku Mlangeni, pafupi ndi mayi anga. Ndibwere ndili phulusa m'kabotolo?

Aimba nyimbo ziwiri zapang'onopang'ono, zija timaimba tikataya mtima. Ndapezeka ndikulira nawo. Ndinkamumvera chisoni mayi wogonayo.

Atachoka ndatenga kalilole. Maso alowadi!

Chakumadzulo kwamveka kulira kuchokera kumsewu. Mng'ono wanga Esinati, wa ku Kasinje. Wina anamuimbira foni. Wasiya mpunga wake mbalame zikudya, wafika atasenza poto, mbaula, beseni ndi bulangete, zonse m'chitenje chimodzi. Gadiyani weniweni, wophunzitsidwa ndi ine.

Ndamuuza zoona zonse, ndi za pichesi zomwe. Waseka mpaka kugona chagada. Kenako wadzuka nkhope itasintha.

"Alamu awa? Amene amafunsa kuti malaya awo ali kuti atawavala? Achemwali, ku Blantyre tikadasinthana, ine sabata ino, wina sabata yamawa, phala la mpunga m'mawa uliwonse. Mukufuna mukagone kwa eni ndi munthu wopereka moni kwa mitengo?"

Bambo a Limbani anali pakhomo. Amva. Angotola beseni n'kukaliika pamalo pake.

Mantha a lero: tizitsulo, moto, kabotolo, kalilole.

Lachisanu

Lero zilembo zikhala zoipa kuposa masiku onse.

Phunziro lachisanu, kutembenuza. Esinati wati ayesa mayeso ndi iye. Waonetsa kaye: kuyala nsalu kunsi kwa wodwala, kugwira phewa ndi chiuno nthawi imodzi, kugubuduza pang'onopang'ono ngati chipika, msana osapotoka. Wanditembenuza ine osamva kanthu.

"Alamu, mwaona? Kapena ndikaitane galu uja anakhoza?"

"Mlamu, ine ndinayamba kunyamula matumba a kachewere iwe usanamere mano."

Nsalu aikankhira uko. Dzanja lina kunsi kwa mapewa, lina kunsi kwa maondo. Ndisanati dikirani, ndili m'mwamba! Chikwatiranireni sanandinyamulepo. Ndaona pamwamba pa kabati, pali lumo limene ndinalisaka chaka chatha.

Kenako, khwa!

Ndati basi, msana wathyoka, Ambuye landirani. Ndagwedeza phazi lamanja, likuyenda. Lamanzere, monga mwa masiku onse. Ndayang'ana nkhope yawo. Yatuwa ngati phulusa, mano alumana, thukuta kamukamu.

Si wanga. Ndi wawo.

Koma ndilembe ichi, chifukwa n'choona. Sanandigwetse. Anditsitsa pang'onopang'ono, mpaka msana wanga wakhudza mphasa bwinobwino. Achotsa manja. Pamenepo m'pamene agwa, khu, pambali panga.

Esinati wangogwira pakamwa. Mayeso athera pomwepo.

Panopa m'chipinda muli mphasa ziwiri. Esinati akuwathowa ndi madzi otentha. Akuti ndi mnofu chabe. Akudziwa bwanji? Ali ndi makina ojambula m'maso? Nanga ikakhala nkhata yawonso? Matumba a kachewere aja sanali a thonje!

Loweruka

Wodwala wovuta ngati uyu sindinamuonepo, ndipo ndaona asanu ndi awiri.

Pilo wakwera. Pilo watsika. Phala latentha. Phala lazizira. Wailesi ili kutali. Ntchentche ikuwayang'ana. Akaitana kamodzi kokha ndimapezeka ndafika, chokwawa, ndisanakumbuke kuti wodwala ndine. Phala ndaphika ndekha, nditatsamira khoma, poti la Esinati akuti silikufanana ndi langa. Lopanda m'bulu ndi umodzi womwe. Sanaone n'komwe.

Anthu abweranso. Aima pakhomo, sakudziwa woti amuzonde. Ine ndili ndi mthiko m'manja, mwamuna wochapa uja ali gone. Anambewe afunsa chapansipansi ngati matendawa ndi opatsirana, ndipo akhala pafupi ndi chitseko. Mulu wa nkhuni wafika pawindo. Tidzabweza bwanji ulemu wonsewu?

Esinati sakusintha: Blantyre. Ndikamumvera ndimavomera. Kenako ndimakumbukira tizitsulo, ndi msana wosapindika, ndi mzere wodikira chala chikunka chikufa. Ndikaganiza India ndimaona nkhata yatsopano, ine ndikuweramanso m'dimba. Kenako ndimaona ndadzuka pabedi, anthu ondizungulira akulankhula zosamveka, ndikufuna madzi, liwu la madzi sindikulidziwa.

Masana Esinati wapita kumjigo. Tatsala awiri, aliyense pamphasa yake, tikuyang'ana malata. Ayamba okha, osandiyang'ana.

"Mayi a Limbani, tulo tija ndinagona pa diripi. Chiimbireni foni mwanayu sindikugona. Ndimaona ndikutsika basi pamsewu apa ndekha, ndi chikwama cha zitenje zanu. Anthu akundifunsa kuti mwawasiya kuti, ine osadziwa n'kuloza komwe."

Ndati ku Blantyre nakonso anthu amatsikira pamsewu pomwepo okha.

Akuti, "Koma kumeneko ndingathe kuloza."

Lamulo lachisanu ndi chimodzi, kusalira wodwala akuona. Talephera tonse awiri. Sindikudziwa kuti wolakwa ndani, poti sindikudziwanso kuti gadiyani ndani.

Esinati watipeza choncho. Watula ndowa. "Nkhunda zija ndiphe zonse ziwiri?" Wapha zonse.

Lamulungu

Kutchalitchi sitinapite. Akuti atipempherera tonse awiri, maina motsatana, ndipo ena amva ngati tanyamuka kale.

Limbani waimba dzuwa litapendeka. Ndinakonza zoyamba ndi mvula ndi mtengo wa kachewere, koma wandidula. "Amayi, eya kapena ayi?"

Ndamuuza zonse. Phala, pichesi, zitenje, khwa. Wamvetsera mpaka pamapeto. Kenako akuti, "Ndiye ku India ndikutumiza ndani, inu kapena adadi?" Bambo ake akuwa ali pamphasa: "Umuuze kuti sindinawagwetse!"

Ndamuuza. Sanaseke. Wandipatsa sabata ina, koma wandilumbiritsa kuti za chalazi ndikawauze adokotala sabata yomwe ino, ndisadikire kusankha. Ndalumbira. Wondiperekeza pa minibasi sindikumudziwa.

Ndinati akakhoza India, akalephera Blantyre. Ndawerenganso mndandanda uja. Phala alephera. Kuitanidwa alephera. Diripi alephera. Kuchapa anachapa, koma mudzi wonse unabwera. Kulira talephera tonse. Kutembenuza sindikudziwa cholemba. Anachita zonse zimene ndinawaletsa, koma pa magadiyani onse amene ndagona nawo ku chitando, sindikudziwa angati akadapirira msana wawo ukuthyoka kuti wa mnzawo ufike pansi bwino.

Ndiye kope silinandisankhire.

Mawa Esinati akubwerera ku Kasinje, mbalame zisamalize mpunga. Mbaula ndi beseni wasiya, akuti zidzafunika kwina kulikonse. M'nyumba muno mutsala odwala awiri, ndipo gadiyani ndine.

Zimene zatsala: sindinasankhe pakati pa India ndi Blantyre. Sindikudziwa ngati msana wa bambo a Limbani ndi mnofu kapena nkhata. Nkhuni za eni zili pawindo, mwini wake wozilandira sanafe. Chala chachikulu cha kumanzere ndachitsinanso tsopano lino, ndipo sindikuchimvabe.